Chingerezi chisakhale mpanda kwa ana a ku Migowi

Chaka chilichonse bungwe la Maneb likangotulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4, mafoni sapuma. Okhoza amadzaza sitetasi ndi zithunzi, olephera amazimitsa foni sabata yathunthu. Koma pakati pa olepherawo pamakhala gulu lina lomwe nkhani yake imawawa kwambiri. Mwana wakhoza masamu, wakhoza zaulimi, sayansi wachita nayo bwino, koma Chingerezi wapeza 9. Lamulo la mayesowa silinyengerera munthu. Ukagwa Chingerezi, satifiketi ya MSCE palibe, ngakhale maphunziro enawo uwakhoze chotani. Wofuna malo kusukulu za ukachenjede za boma ndiye amafunika makirediti 6, ndipo Chingerezi chiyenera kukhala momwemo.

Ine ndimaphunzitsa phunziroli pasukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi Migowi m'boma la Phalombe. Ana anga ambiri amabwera wapansi kapena panjinga kuchokera m'midzi yoyang'anana ndi phiri la Michesi. Si ana opanda nzeru ayi. Mnyamata amene amasowa chonena ndikamufunsa funso m'Chingerezi ndi yemweyo amene Loweruka amawerengera pamtima ndalama za nandolo wa amayi ake, venda asadamalize n'komwe kudina kakyuleta. Vuto lawo n'lakuti Chingerezi amakumana nacho ngati mlendo waukali amene amangobwera ndi mayeso basi. Kunyumba kulibe, kumsika kulibe, kudimba kulibe. Chomwe ndaona pa zaka zomwe ndagwira choko n'chakuti mwana amayamba kuchigwira chiyankhulochi tsiku lomwe wachigwiritsa ntchito pokamba za moyo wake womwe, osati poloweza manotsi.

Pomwe mwana amasokonekera

Kuti timvetse bwino tibwerere kupulayimale. Kuchokera mu 1968, pomwe msonkhano waukulu wa chipani cha MCP udagwirizana kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi, ana ambiri akhala akuphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4. Akafika Sitandade 5 zinthu zimatembenuka, masamu ndi sayansi yomwe zimayamba kubwera m'Chingerezi. Mu 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana adachuluka m'makalasi kuposa aphunzitsi ndi mabuku. Mu 2014 unduna wa zamaphunziro udalengeza kuti kuphunzitsa m'Chingerezi kuziyambira Sitandade 1 potsatira lamulo la maphunziro la 2013, ndipo mu 2016 kudabwera ndondomeko ya National Reading Programme yolimbikitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira.

Ndondomeko zimabwera n'kusintha, koma mwana wa kumudzi amafikabe Sitandade 5 ali ndi mawu ochepa a Chingerezi, osakwanira kunyamula phunziro lathunthu. Ndiye amapeza njira yopulumukira, yomwe ndi kuloweza. Amameza ziganizo zathunthu osazitafuna, tsiku la mayeso n'kukazilavula papepala. Njira imeneyi imamuolotsa Sitandade 8, mwinanso ndi JCE yomwe. Koma pa MSCE amapatsidwa nkhani yomwe sadaionepo kuti awerenge, ayankhe mafunso, atolemo mfundo, kenako alembe chimangirizo chakechake. Kuloweza kumathera pomwepo.

Masukulu ena amaganiza kuti mankhwala ake n'kulanga aliyense woyankhula Chichewa kapena Chilomwe, kumuveka chikwangwani m'khosi kapena kumupatsa chikwanje kuti akatchetche. Mapeto ake ana amangokhala duu tsiku lonse. Mwana woopa kusekedwa satsegula pakamwa, ndipo palibe adaphunzirapo chiyankhulo pakamwa pali potseka. M'kalasi mwanga lamulo n'limodzi lokha: kuphonya n'kololedwa, koma kuseka mnzako amene waphonya ndiwo mlandu.

Mawu sagwidwa ndi mndandanda

Ana a Fomu 1 akangofika ndimawafunsa kuti atchule mawu a Chingerezi omwe agogo awo amawadziwa. Poyamba amaseka, amati agogo sadapite kusukulu. Ndiye timayamba kulemba pabolodi: supuni, foloko, tebulo, buku, botolo, shati, bulangete, sitolo, sukulu imene. Bolodi limadzaza. Wina akatchula nsapato kapena kalata ndimawauza kuti amenewo adachokera ku Chipwitikizi, chiyankhulo cha anansi athu a ku Mozambique omwe timachita nawo malire konkuno. Pofika kumapeto kwa phunziro mwana amakhala ataona kuti ziyankhulo zimabwerekana ngati mmene amayi amabwerekerana mchere, ndipo kuti iye sakuyambira pa ziro.

Kenako timalowa m'mayenje omwe Chichewa chimatigwetseramo, chifukwa zophonya zambiri za ana athu zili ndi gwero lake. Ife mawu akuti kukhala timawagwiritsa ntchito paliponse: kukhala pampando, kukhala ku Chiringa, kukhala mphunzitsi. Mngerezi ali ndi sit, stay, live ndi be, lililonse ndi malo ake. Ife timamva nyimbo, timamva fungo, timamva kuwawa, timamvanso masamu. Iye ali ndi hear, smell, feel ndi understand. N'chifukwa chake mwana amalemba kuti "I am hearing pain" ali ndi chikhulupiriro chonse. Timati "ndibwereke cholembera", mwana n'kumasulira kuti "borrow me", pomwe woperekayo amachita lend, wolandira ndiye amachita borrow. Chichewa chili ndi iye mmodzi yekha, ndiye he ndi she amasinthana pakati pa nkhani mpaka amalume kusanduka azakhali. Za l ndi r ndiye musakambe, pray ndi play zimakhala mapasa.

Ndikawaonetsa komwe kuphonyako kukuchokera, ana amasiya kudziona ngati mbuli. Amazindikira kuti ubongo wawo ukugwira ntchito bwinobwino, kungoti ukutsatira malamulo a chiyankhulo china. Munthu akadziwa pomwe pali dzenje amalilambalala yekha.

Mndandanda wa mawu 50 oti aloweze Lachisanu sindiupereka. Mwana aliyense amakhala ndi kakope ka mawu, ndipo sabata iliyonse amabweretsa mawu asanu omwe wawapeza yekha: papaketi ya mankhwala, pathumba la feteleza, pauthenga wa Airtel kapena TNM, pachikwangwani cha kuchipatala. Mawu ngati dosage, expiry, balance, referral amalowa m'kalasi kudzera njira imeneyi. Lililonse alipangire chiganizo chokhudza kwawo, ndipo apeze abale ake a liwulo. Wapeza decide, afufuze decision ndi decisive. Liwu lomwe mwana walitola yekha n'kuligwiritsa ntchito katatu limakhala lake mpaka kale. Lomwe wangolikopera pabolodi limatha ndi belu.

Kino ndi mlimi wa nandolo

Gawo lomwe ana amaliopa kwambiri ndi la mabuku. Ambiri sawerenga bukulo, amangosaka timapepala ta chidule ndi mayankho okonzeratu. Sindiwada, chifukwa m'sukulu zambiri zoyendera buku limodzi limazungulira gulu lonse. Koma amaphonya chinthu chokoma.

Titenge The Pearl, buku la John Steinbeck lomwe lidatuluka mu 1947. Ndi nkhani ya Kino, mmphawi wa ku Mexico amene amadya za m'nyanja. Mwana wake wakhanda, Coyotito, alumidwa ndi chinkhanira, dokotala n'kukana kumuthandiza chifukwa makolo alibe ndalama. Kenako Kino apeza ngale yaikulu kwambiri. Popita kukagulitsa apeza ogula angapo, aliyense patebulo lake, koma onse akugwirira ntchito bwana mmodzi ndipo apangana kale zomupatsa mtengo wachabechabe.

Tikafika pamenepa sindifunikanso kufotokoza. Tsiku lina mtsikana wina wa kumbuyo, amene samayankhula m'kalasi, adakweza mkono n'kunena kuti: "Aphunzitsi, awatu ndi mavenda a nandolo." Kalasi yonse idavomereza. Ana awa adawaona makolo awo akuzungulira masikelo asanu n'kumva mtengo umodzimodzi. Akulu awo amakumbukira 2017, pomwe dziko la India lidachepetsa nandolo wogula kunja, mitengo n'kugwa alimi ali ndi matumba m'nyumba. Ndidamuuza mtsikanayo kuti anene mfundo yomweyo m'Chingerezi. Adavutika, adaphonya pawiri, koma adaimaliza, ndipo mawu akuti exploit ndi cheat palibe adawaiwalanso m'kalasi imeneyo.

Chomwe chimawakhudza kwambiri ndi loto la Kino. Pa zonse zomwe ankafuna kuchita ndi ndalama za ngale, chachikulu chidali chakuti mwana wake apite kusukulu akadziwe kuwerenga, kuti anthu ophunzira asiye kuwanamiza pa zomwe zalembedwa m'mabuku. Ndimawafunsa ana kuti: kodi makolo anu pogulitsa mbuzi kuti akulipirireni fizi, loto lawo n'losiyana ndi limeneli? M'kalasi mumakhala zii. Kuchokera pamenepo funso la mayeso lonena za umphawi, dyera kapena kuponderezana silikhalanso lachilendo.

Macbeth wa William Shakespeare ndiye Chingerezi chake n'cha zaka zoposa 400 zapitazo, cholimba ngakhale kwa ana a ku England. Ife timayamba taseweretu nkhaniyo m'Chichewa pansi pa mtengo. Msilikali wolimba mtima auzidwa ndi mfiti zitatu kuti adzakhala mfumu, mkazi wake amusonkhezera, iye n'kupha mfumu Duncan yomwe idabwera kudzagona kunyumba kwake, ndipo kuchokera apo tulo sadatipezenso. Kodi alipo mwana wa kuno amene sadamvepo za mkangano wa ufumu, kapena za munthu amene adapita kwa sing'anga kukafuna udindo? Akaimvetsa nkhaniyo timabwerera kubuku, ndime ndi ndime, ndipo mawu ovuta aja amapeza pokhala.

Ndimaonetsetsanso kuti adziwe kuti Chingerezi cha m'mabuku si cha azungu okha. Steve Chimombo wa ku Zomba adalemba ndakatulo zake za Napolo m'Chingerezi, ndipo mwana wa ku Phalombe safuna womuuza kuti Napolo n'chiyani. Makolo ake amakamba za madzi ndi miyala zomwe zidatsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991 n'kupha anthu ambirimbiri. Jack Mapanje adatulutsa Of Chameleons and Gods mu 1981, adamangidwa mu 1987 n'kukhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991. Ana amadabwa kumva kuti boma lingaope munthu wolemba ndakatulo. Apo ndi pomwe amayamba kuona kuti mawu ali ndi mano.

Lemba zomwe ukudziwa

Mukawapatsa ana mutu wakuti alembe za ulendo wa pandege, mulandira zimangirizo 60 zofanana, zonse zabodza, zodzaza ndi mawu akuluakulu obwereka. Ana athu adauzidwa kuti Chingerezi chabwino ndi chija chogometsa, cha mawu aatali omwe ngakhale mwini wake sakuwamva. Wochonga mayeso safuna zimenezo. Amafuna chiganizo chomveka, ndime yokhala ndi mfundo imodzi, ndi nkhani yoyenda kuchokera poyamba kukafika kumapeto.

Ndiye mitu yanga imachokera pakhomo. Lemba kalata kwa mfumu yodandaula za mjigo womwe udawonongeka. Lemba lipoti la momwe tsiku la msika limayendera pa Migowi. Konza zoti ukayankhule pamsonkhano wa makolo zokhudza atsikana osiyira sukulu panjira. Fotokozera mlendo momwe amaphikira kalongonda. Makalata, malipoti ndi zoyankhula ndi mitundu yomweyo yomwe imabwera pamayeso, koma apa mwana ali ndi zonena, chomwe akusaka ndi mawu okha.

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, sukulu zidatsekedwa ndipo zina zidasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Titatsegulira ndidauza ana kuti amene akufuna alembe zomwe adaona, amene sakufuna asankhe mutu wina, popeza ena adataya abale. Zomwe ndidalandira zidali zimangirizo zamphamvu kuposa zonse zomwe ndidachongapo. Galamala idali yopunduka m'malo ambiri, koma munalibe chiganizo chongodzazira pepala. Mnyamata wina adalemba za phokoso lomwe adalimva usiku, ndipo adabwera yekha kudzandifunsa liwu loyenera chifukwa noise ankaona kuti likuchepa. Tidapeza roar ndi rumble. Mwana akafika pofunafuna liwu chifukwa lomwe ali nalo silikukwanira zomwe zili mumtima mwake, ameneyo wayamba kulemba.

Njira yake timatsata imodzi. Yamba wakamba nkhaniyo ndi mnzako, m'Chichewa momwe ngati ukufuna. Lemba mfundo zinayi kapena zisanu m'mphepete. Mfundo iliyonse ikhale ndime. Ukamaliza werenga mokweza, chifukwa khutu limagwira zomwe diso laphonya. Kenako sinthanani makope. Pochonga sindithira inki yofiira paliponse ngati pophera nkhuku. Ndimasankha vuto limodzi pasabata. Sabata ino tikulimbana ndi nthawi ya aneni, yamawa zizindikiro za m'kalembedwe. Kope lofiira lonse mwana amangolipinda n'kuliponya m'chikwama.

Laibulale ili m'thumba

Tsono ndiyankhule ndi inu amene mukuwerenga nkhani ino pafoni. William Kamkwamba wa ku Kasungu adasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, n'kumakabwereka mabuku palaibulale yaing'ono ya kwawo ku Wimbe. Chingerezi chake chidali chochepa, ankadalira zithunzi ndi kufunsa matanthauzo a mawu, komabe adapanga makina a mphepo opangira magetsi. Nkhani yake idatuluka m'buku mu 2009, ndipo mu 2019 idasanduka filimu. Iye adalibe foni ya intaneti. Inu muli nayo m'manja.

Ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula ndipo kutchaja kumafuna ndalama kapena sola ya aneba. Koma dikishonale yogwira ntchito popanda intaneti mumangoitsitsa kamodzi basi. Sewero la Macbeth likupezeka laulere pa Project Gutenberg. BBC Learning English ili ndi timaphunziro tatifupitifupi tomwe mungamvere muli panjira. African Storybook ili ndi nthano zosavuta zoti muwerengere mng'ono wanu wa kupulayimale, inunso n'kupindula nazo. Ndemanga za mpira wa ku England zomwe mumazikonda zija ndi Chingerezi chomwecho. Mukamva liwu lachilendo liimitseni, mulilembe.

Ana anga a Fomu 4 omwe amatha kubwereka foni kunyumba ali ndi gulu la pa WhatsApp lomwe lamulo lake n'lakuti uthenga ulembedwe m'ziganizo zathunthu. Za "gud nyt" ndi "coz" zimatsala panja, chifukwa dzanja likazolowera chidule limakachitanso zomwezo m'chipinda cha mayeso. Madzulo wina amawerenga ndime imodzi mokweza n'kutumiza mawu ake, anzake n'kumuuza pomwe sadamve. Amene alibe foni amamvera limodzi ndi mnzake woyandikana naye nyumba. Mutu umodzi susenza denga.

Chenjezo langa lili pa mapulogalamu ngati ChatGPT. Ndayamba kulandira zimangirizo zosalala ngati galasi kuchokera kwa ana omwe sangathe kundiuza tanthauzo la ndime yoyamba. Kumeneko n'kutuma munthu wina kuti akakudyereni nsima. M'chipinda cha Maneb mumalowa ndi cholembera ndi mutu wanu basi. Ngati mukufuna kuti makinawo akuthandizeni, yambani mwalemba nokha, kenako muwafunse pomwe mwaphonya ndi chifukwa chake.

Si ntchito ya mphunzitsi yekha

Sindikunena kuti khama la mwana ndi luso la mphunzitsi zingathetse zonse. Sukulu yoyendera yopanda laibulale, yomwe mphunzitsi mmodzi amachonga makope a makalasi anayi, singapikisane mofanana ndi sukulu yogonera komweko, chonsecho mayeso ndi amodzimodzi. Makomiti a makolo, makhansala ndi aphungu athu akamakamba za chitukuko cha sukulu asamathere pa njerwa ndi malata. Katoni imodzi ya mabuku a nthano imasintha kalasi. Amene mudaphunzira kuno ndipo pano muli ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni, mabuku omwe ana anu adamaliza kuwerenga asadyedwe ndi chiswe m'nyumba. Atumizeni kusukulu yomwe idakuphunzitsani. Ngakhale nyuzipepala zakale timazilandira ndi manja awiri.

Makolo nanunso musadziderere poti Chingerezi simuchidziwa. Muuzeni mwana akuwerengereni zomwe zalembedwa pabotolo la mankhwala a mbewu n'kukumasulirani. Mufunseni kuti buku lomwe akuwerenga likukamba za chiyani. Akatha kukufotokozerani nkhani ya Kino m'Chichewa mpaka inu kugwira pakamwa, dziwani kuti waimva. Musamuletse Chichewa kapena Chilomwe poganiza kuti mukumuthandiza. Mwana wodziwa kusimba nthano bwino m'chiyankhulo cha amayi ake savutika kuyala nkhani m'chiyankhulo china.

Kwa amene mudagwa Chingerezi chaka chatha ndipo mukuganiza zobwereza, musayambire pa kugula timapepala ta mayankho. Pezani kope latsopano. Lero lomwe lembani ziganizo zisanu za zomwe mwaona kuchokera m'mawa, kaya ndi kabaza amene adagwa ndi thumba la chimanga, kaya mtengo wa sopo wakweranso. Mawa mulembe zina zisanu, muwerengenso tsamba limodzi la chilichonse chomwe mwachipeza. Pakutha pa teremu mudzakhala ndi ziganizo mazana angapo zanuzanu, ndipo pepala la mayeso lidzakupezani dzanja litazolowera kale.